A Mlaliki ndi Kompyuta ya Alamu Awo

Shopu yanga ya fotokope ili pakati, ndipo wokhala pakati ndiye amamva zonse. Kumanja kwanga kuli a Mlaliki, kumanzere kunali a Laisensi. Onse awiri ndi okonza makompyuta, onse imvi zinayamba kale, komanso ndi pachilamu: akazi awo a Laisensi ndi mchemwali wawo wa a Mlaliki, bere limodzi. Makoma a nyumba yathu ya mashopuyi ndi a matabwa opyapyala, moti munthu akayetsemula uku, wa uko amayankha kuti pepani. Ndiye zaka zonsezi ine ndakhala ndikudya mkangano wa awiriwa m'mawa ndi masana omwe, chonsecho sindinaupemphe.

Mkanganowo unali wa chinthu chimodzi basi. Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imadzuka poyamba ukaiyatsa, ndipo mapulogalamu ena onse amaberekedwa kumsana kwake. A Laisensi anali a Windozi, yogula ija, imene ambirife tinaizolowera. Dzina lawolo linabwera chifukwa kasitomala asanakhale n'komwe pansi, iwo anali atafunsa kale kuti laisensi yosonyeza kuti Windoziyo anagula ili kuti. A Mlaliki ndi a Linakisi, yaulere, ya chizindikiro cha kambalame konenepa koyenda choimirira. Kwa ine zonse n'chimodzimodzi, bola pepala lituluke. Koma ukayerekeza kunena zimenezo pamaso pawo, ndiye kuti waputa mavu.

A Mlaliki ndi munthu wamfupi, wa magalasi omanga ndi waya mbali imodzi, ndipo fulashi yawo yosungiramo mapulogalamu imakhala pakhosi ndi chingwe cha nsapato. Munthu ankatha kubwera ndi batani limodzi lothyoka, n'kutuluka atamva ulaliki wonse mpaka pemphero lotsekera.

"Kompyuta mwagula nokha," ankatero, "ndiye wina azikuuzani pokhala m'nyumba mwanu momwe? Masukani, bambo!"

Pakhoma la a Laisensi pankamveka kugogoda. "Zaulere zimatsegula m'mimba, alamu! Ameneyo mawa abwera kuno akulira kuti pulinta yakana."

"Akabwera kwanuko ndiye mumugawireko mavairasi, muli nawo ambiri!"

Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, adani awiriwa ankakhala pabenchi langa n'kutsegula kontena imodzi imene achemwali aja ankatumiza, uku akulandana nyama, uku mkangano ukupitirira.

Ndinene chilungamo: a Mlaliki si tambwali. Sanabepo ngakhale kasikuluwu ka kasitomala. Makina amene ena anawataya kuti afa, iwo ankawadzutsa, ndipo aphunzitsi opuma ntchito ndi amayi ogulitsa zovala ankawakonda chifukwa sankawanyoza akafunsa funso lopusa. Koma anali ndi kachizolowezi kamodzi kamene ine ndinkakada. Iwo ankakatcha kuveka. Munthu akasiya kompyuta kuti ikuchedwa, a Mlaliki ankasunga mafailo ake onse pambali, n'kufufuta Windozi, n'kuikamo yawo ija, kenako n'kuiveka malaya a inzake: mtundu womwewo, chithunzi chakumbuyo chomwecho, batani loyambira pakona pomwe paja. Mwini wake ankanyamula katundu wake osadziwa kuti walowetsedwa mpingo wina.

"Koma bambo inu, bwanji osayamba mwafunsa?" ndinkawakalipira.

"Mayi, wodwala safunsidwa ngati akufuna kuchira. Mafailo ndi a mwini wake, amenewo sindikhudza. Ine ndimangosintha nyumba, katundu ndi yemweyo."

Choipa n'chakuti nthawi zambiri zinkawayendera. Anthu ankabweranso kudzathokoza kuti makina akuthamanga ngati atsopano, ndipo akangotuluka, a Mlaliki ankamenya khoma ndi chikhatho. "Wina wabatizidwa, alamu!"

Anyamata a masiku ano amene ankabwera kudzaonerera mkanganowu, ena kuchemerera uku ena uku, sankadziwa kuti akuluakulu awiriwa anachokera pampando umodzi. Ine ndinazimva tsiku lina magetsi atazima, tonse tili pakhonde manja lende. Akuti ali achinyamata anakumana pasukulu yophunzitsa kutaipa, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya utoto. Munali kompyuta imodzi yokha, yofunditsidwa nsalu ngati mwana wakhanda. Sikirini yake inali yakuda, zilembo zobiriwira, yopanda mausi, yopanda chithunzi n'chimodzi chomwe. Ukalakwitsa kadontho kamodzi, inkangokuyang'ana. Ophunzira anali ambiri, ndiye awiriwa anawapatsa mpando umodzi, thako limodzi aliyense. A Mlaliki ankawerenga malamulo m'buku, a Laisensi n'kumataipa.

"Awa zala zawo zinali zothamanga kuposa mutu," anatero a Mlaliki tsiku limenelo.

"Ndipo awa pakamwa pawo panali pothamanga kuposa zonse," anayankha a Laisensi.

Anachita lendi chipinda chimodzi, ankabwerekana malaya opitira kofunsira ntchito, ndipo m'chipinda momwemo ndi mmene mchemwali wa mmodzi anabweretsa zochapa n'kupezamo mwamuna. Kugawikana kunadza pambuyo pake, a Mlaliki atapatsidwa chimbale cha kambalame kaja ndi mlendo wina. Magetsi atayaka tsiku lija, nkhani yokomayo inathera pomwepo, aliyense n'kubwerera kumpingo kwake.

A Laisensi anali ndi kompyuta yawoyawo imene munthu wina aliyense sankaloledwa kuikhudza. Inali chibokosi chakale pansi pa tebulo, choyera chimene chinasanduka chachikasu, cholira ngati chigayo. Pamenepo ndi pamene ankapangira makhadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro a msewu wathu wonse, ine n'kumasindikiza. Sikirini yake inali yodzaza ndi tizithunzi topanikizana ngati msika wa Loweruka, koma iwo ankadziwa pamene pali chilichonse. Mabatani ambiri anachita kuwaphunzitsa okha ntchito zina, moti ankapanga khadi lonse akucheza nawe, maso ali pa iwe, zala zikungoyenda zokha. Mwana wawo wamkazi, chitsirizira, atapeza banja, a Laisensi anatiuza tonse kuti, "Ana a eni ake ndawapangira makhadi osawerengeka. La mwana wanga ndipanga ndekha, ndipo mudzaliona."

Asanaliyambe, tsiku lina m'mawa anachita chizungulire mushopu n'kukhala pansi. Anawatengera kuchipatala, ndipo uthenga umene unabwera unali wakuti ndi kuthamanga kwa magazi chabe, atuluka posachedwa. Achemwali aja anasiya kiyi wa shopu m'manja mwa a Mlaliki.

"Achimwene, muziyang'anirako. Ndipo chigayo chawo chija muchipukuteko fumbi, chimandisokosera ndikabwera."

Sipanapite nthawi, ndinangoona a Mlaliki aima pakhomo panga, kiyi akumuzungulitsa pachala, maso akuwala ngati mwana amene wapeza pobisa shuga.

"Mayi, Mulungu wayankha."

"Musayerekeze," ndinatero.

"Ndiiveka bwinobwino. Aigwiritse ntchito mwezi wathunthu, aziitama kuti yayamba kuthamanga. Kenako ndidzaitana khonde lonseli, ndidzati alamu, mwezi wonsewu mwakhala mukudya kwathu."

"Nanga bwanji osasiya zonse ziwiri mmenemo, yawo ndi yanu?"

"Mapanga awiri avumbwitsa, mayi."

Ndinaseka, chifukwa nanenso ndinkaiona kale nkhope ya a Laisensi pa tsiku limenelo. A Mlaliki anatseka shopu yawo n'kukhala tsiku lonse kwa alamu awo. Sanavekepo kompyuta mwaluso ngati mmene anavekera imeneyo. Mafailo onse anawasunga, ngakhale a makasitomala amene anamwalira kalekale. Chithunzi cha banja chakumbuyo anachibwezera. Tizithunzi tija anatiyala mmene ankakumbukira, ndipo m'malo mwa pulogalamu yakale yopangira makhadi anaikamo ina ya kwawo, n'kuipatsa nkhope yofanana. Madzulo anatuluka akuimba mluzu.

Mawa lake kunabwera uthenga wina. A Laisensi anadwalikanso ali m'chipatala momwemo, ndipo ulendo uno inali sitiroko. Mbali ya kumanja inafooka, pakamwa panapotoka, mawu ankatuluka limodzilimodzi, ndipo zilembo akaziyang'ana sizinkakhazikika, moti kuwerenga kunatheratu. Za kompyuta tonse tinaiwala. A Mlaliki ndi amene ankasenza alamu awo kupita nawo kubafa, kuwameta ndevu, kuwadyetsa ndi supuni. Palibe amene akananena kuti munthuyu sakonda mlamu wake.

Atatuluka m'chipatala, dokotala wophunzitsa ziwalo anauza banjalo kuti awapatse ntchito imene manja awo anaizolowera kwambiri, chifukwa nthawi zambiri manja amakumbukira zimene mutu wagwetsa. Achemwali aja sanachedwe. Anabwera ndi galimoto ya hayala pamene a Mlaliki anali atapita kwa kasitomala, n'kunyamula chibokosi chija. Anandipempha kuti nditsagane nawo ndi mapepala a mitundu ingapo, kuti bambo asankhe la khadi la mwana wawo. Tili m'njira m'pamene ndinakumbukira za kuveka kuja. Koma ndinadzilimbitsa kuti poti makasitomala onse aja sankazindikira, mwina zidutsa.

Anaika tebulo pabalaza pafupi ndi zenera. A Laisensi anabwera akukoka mwendo, mwana wawo atawagwira m'khwapa, ndipo ataona chigayo chawo anamwetulira ndi mbali imodzi ya nkhope. Anayatsa okha. Chithunzi cha banja chitatuluka, akazi awo anaomba m'manja. Dzanja lofooka lija linakwawa mpaka linafika pa mausi, n'kupita molunjika pakona pamene pankakhala pulogalamu yawo. Chimene chinatseguka chinali chachilendo. Anatseka, n'kuyambiranso. Zala za kumanzere zinadina mabatani mmene zakhala zikudinira zaka zonse, koma chinatuluka china. Anadinanso, china. Kuwerenga sakanatha kuti aone dzina la chimene chili pamaso pawo. Ankangoona kuti nyumba ndi yawo, chithunzi ndi chawo, koma chitseko chilichonse chikutsegukira kolakwika. Thukuta linayamba kutsika m'khosi. Anayesa kwa nthawi yaitali, kenako anachotsa manja n'kuwaika pamiyendo.

"Mutu," anatero, akudzigogoda pamphumi ndi chala. "Wapita."

Sanakalipe, sanakayikire munthu. Ine ndinasonkhanitsa mapepala anga, n'kubwerera kushopu, ndipo ndinawapeza a Mlaliki akumasula laputopu ya munthu. Ndinawauza zonse, osachotsera. Sikuludiraiva inagwa m'manja mwawo. Anakhala pa bokosi la makina akufa, magalasi ali m'manja.

"Pitani mukawauze lero lomwe," ndinatero. "Munthu uja akuganiza kuti wapenga."

"Ndikonze kaye, mayi. Ndikawauze nditakonza."

Apa ndiye panali kulakwa kwachiwiri, ndipo ndimaona kuti kunaposa koyamba. Zengerezu adalinda kwawukwawu. A Mlaliki anakatenga chibokosi chija ponamizira kuti chikufunika kupukutanso, n'kudzitsekera nacho mushopu. Munthu amene analumbira kuti chala chake sichidzakhudzanso Windozi anakagula laisensi, ndi manja ake omwe. Pulogalamu yakale ya makhadi ija inali itasowa pamsika, ndiye anayenda tauni yonse kuifunafuna kwa anthu amene anawanyoza zaka zambiri, chipewa chili m'manja. Ena anamuseka, wina anachita kumujambula pafoni. Anaipeza ndithu. Koma madzi akatayika saoleka. Mabatani amene a Laisensi anawaphunzitsa okha, malo enieni a kachithunzi kalikonse, zonse zimene munthu anaziyala pang'onopang'ono kwa theka la moyo wake, zinali zitapita ndi kufufuta kuja. A Mlaliki ankabwera kwa ine maso ali psuu.

"Mayi, inu munkaima kumbuyo kwawo podikira makhadi. Kachithunzi ka pulinta kanali pamwamba kapena pansi?"

Ine ndikanadziwa bwanji? Ndinkayang'ana mapepala anga.

Pamene a Mlaliki ankabweza kompyutayo, masabata anali atadutsa, ndipo munthu amene anamupeza sanali yemwe uja. A Laisensi atangoona chibokosicho pakhomo anatembenuza nkhope, n'kukweza dzanja kuti chituluke. Anali atasiya zolimbitsa thupi zimene dokotala anawapatsa. Anali atasiya kulimbana ndi mawu. Ankangogona, wailesi ikulira pambali osaimvera.

"Kuyambira tsiku la kompyuta lija anangogonja," achemwali aja anandiuza. "Akuti ngati ntchito ya manja awo yawakana, ndiye chatsala n'chiyani."

Khonde lathu linazizira. Ulaliki unatha, kumenya khoma kunatha, ndipo ine amene ndinkadandaula za phokoso ndinayamba kulisowa. A Mlaliki anaonda mpaka lamba anaboola bowo lina. Kontena ya chakudya inkabwerabe, chifukwa mchemwali wawo sankadziwa kanthu, ndipo iwo ankaitsegula, kuyang'ana, n'kuipereka kwa mlonda. Tsiku lina mwana wa a Laisensi anabwera kudzandifunsa ngati ndikudziwa wina wopanga makhadi, poti ukwati unali utayandikira. Atachoka, ndinalowa kwa a Mlaliki osagogoda.

"Mwamva?"

"Ndamva. Makomawa ndi matabwa." Anavula fulashi ija pakhosi n'kuiika m'dirowa. "Tiyeni limodzi, mayi. Ndekha miyendo ikana."

Tinafika dzuwa likupendeka, tinapeza achemwali awo akuanula zovala kuseri. A Mlaliki anayamba ndi iwowo, ataima pafupi ndi chingwe, maso ali pansi. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, shati ya amuna awo ili m'manja. Ndinkayembekezera kukuwa, mwina ndi mbama yomwe, ndipo bwenzi zili bwino zikanatero. Iwo anangopinda shatiyo bwinobwino.

"Achimwene, masabata onsewa mwakhala mukubwera muno, kuwameta, kuwadyetsa, mukudziwa?"

"Ndimafuna ndikonze kaye, achemwali."

"Mumafuna mukonze kompyuta." Anatsegula chitseko cha kukhitchini. "Lowani. Mukawauze nokha."

Chipinda cha a Laisensi chinali ndi fungo la mankhwala opaka. Katani anali wotseka theka, pampando panali mabotolo a mapiritsi ndi kapu ya madzi, ndodo yoyendera itatsamira khoma pamene mwini wake sakanaifikira. A Laisensi anali chogona, atatsamira mapilo. A Mlaliki anazimitsa wailesi, n'kugwada pambali pa bedi, munthu wa imvi zake.

"Alamu, ndabwera ndi mlandu. Mundimvetsere bwino. Tsiku lija kompyuta inakukanani, sunali mutu wanu. Ndinali ine. Muli m'chipatala ndinachotsamo Windozi yanu, n'kuikamo yanga, n'kuiveka kuti musazindikire. Ndimafuna ndidzakusekeni. Zala zanu zinadina molondola, alamu, paliponse zinadina molondola. Makinawo ndiwo sanali anu. Mutu wanu uli bwinobwino."

Ananena kawiri, pang'onopang'ono, kuti liwu lililonse lilowe. A Laisensi anawayang'ana nthawi yaitali. Ine ndinkapemphera chamumtima kuti akwiye, atukwane, awaponyere kapu ija, chifukwa munthu wokwiya amadzuka. M'malo mwake dzanja lawo labwino lija linatuluka m'bulangete n'kukagwa paphewa pa a Mlaliki.

"Alamu," anatero, mawu akutuluka movutikira. "Zikomo. Koma... musaname."

"Sindikunama!"

"Inu... pakamwa basi. Kompyuta yanga... simungakhudze. Ndimakudziwani."

"A Laisensi, ndi zoona," ndinalowererapo. "Ine ndinalipo. Ndinawaona ndi maso angawa."

Anatembenuzira maso kwa ine, kenako kwa akazi awo amene anaima pakhomo, ndipo mbali yamoyo ya nkhope yawo inamwetulira mwachifundo, ngati mmene umamwetulira ana akakubisira uthenga wa maliro.

"Mwapangana," anatero. "Ndinu... anthu abwino."

A Mlaliki anayamba kulumbira, kutchula tsiku, kutchula mafailo, kupempha kuti chibokosi chija chibwere pompano ayesenso kamodzi kokha, iwo akhala pambali n'kumabwezera chilichonse pamene dzanja lalozera. A Laisensi anangopukusa mutu pang'onopang'ono, dzanja lili paphewa pomwepo, akuwasisita ngati odwala ndi iwowo. Kenako anakoka mpweya, n'kusonkhanitsa mawu.

"Khadi... la mwana. Mupange inu, alamu." Anapuma. "Pa kambalame... kanuko. Mwina... munkanena zoona."

Munthu amene anadikira zaka zonsezo kuti adzamve mawu amenewa anagwira mwendo wa bedi ndi manja awiri n'kuyamba kulira mokweza, osachita manyazi ndi ine kapena mchemwali wake.

"Ayi, alamu, nditsutseni! Zaulere zija n'zachabechabe, nenani! Chonde nditsutseni!"

Koma a Laisensi anali atatembenukira kale kukhoma.